Mwana asapite yekha kokasaka

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, anthu a mumzinda wa Blantyre amaona chinthu chomwe adachizolowera. Dzuwa likangolowa, mzere wofiira wa moto umayamba kukwera m'mapiri a Ndirande, Soche, Mpingwe, Bangwe ndi Michiru. Munthu ali pa Wenela kapena pamsika wa Limbe amatha kuuona bwinobwino. Kukacha, phulusa limakhala litagwera pa zovala zomwe zidagona pachingwe, ndipo phiri limakhala lili bii.

Funso lakuti wayatsa ndani likabwera, yankho la anthu ambiri limakhala limodzi: ndi ana osaka mbewa. Si moto wonse umene umayamba chomwecho. Wina umathawa m'minda nthawi yososa, wina ndi wa ootcha makala, winanso ndi wa chindudu cha fodya. Komabe palibe angakane kuti timagulu ta anyamata tonyamula makasu, malegeni ndi bokosi la machesi, agalu ali pambuyo, timaoneka m'mphepete mwa mapiriwa nyengo imeneyi, makamaka poti tchuthi chachitali cha sukulu chimagwanso mu Ogasiti momwemo.

Chomwe chimasowa m'timaguluti ndi munthu wamkulu. Wotsogolera amakhala mnyamata wa zaka 13 kapena 14, yemwe naye adaphunzira kwa mnzake wa msinkhu womwewo. Bambo ali kuntchito ku Makata kapena ku Ginnery Corner, mayi ali pageni, agogo ndi atsibweni adatsala kumudzi ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Ntcheu. Mwana watengera chilakolako cha kusaka, koma malamulo ake sadawamve kwa aliyense.

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri akaona moto amafulumira kunena kuti kusaka mbewa kuthe basi, ndipo mwana wopezeka ndi khasu kuphiri alandire chikoti. Mawu amenewa akhala akunenedwa zaka zambirimbiri, koma mapiri akupsabe. Mwana woletsedwa amangodikira kuti makolo atuluke pakhomo. Chomwe chingathandize n'chakuti makolo abwerere pamalo omwe adawasiya, apite ndi mwanayo kutchire, amuonetse kasakidwe koyenera, ndipo amuuze mosabisa zinthu zomwe sayenera kuzigwira n'komwe.

Makolo akale adali ndi mantha ndi moto, ndipo mantha amenewa adawaika ngakhale m'nthano ya chiyambi cha dziko. Achewa amasimba kuti Chauta, mwamuna, mkazi ndi nyama zonse adatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo ankakhalira pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu adapeka timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire lidayaka. Galu ndi mbuzi adathawira kwa munthu, nyama zina zonse zidathawira kutali zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta yemwe adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mwana womva nthano imeneyi madzulo pamoto ankadziwa kuti kuyatsa tchire si masewera.

N'chifukwa chake kale munthu wamba sankangodzuka n'kutentha tchire. Ankadikira mawu a mfumu, mwini dziko, ndipo mawuwo ankabwera anthu atakolola, amayi atamweta udzu wofolera nyumba, komanso manda ndi malo a nsembe atalambulidwa. Uzimba, kusaka kwa mudzi wonse, unkalengezedwa pasadakhale. Unali ndi wotsogolera, unali ndi malire a komwe ukathere, unali ndi miyambo yoti alenje asunge usiku woti mawa anyamuka. Nyama ikagwa, panali kagawidwe kake: woyamba kulasa adali ndi gawo lake, wothandiza adali ndi lake, mfumu inkalandira ulemu wake, ndipo nkhalamba zotsala pamudzi zinkalawako. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, yemwe adakhala zaka zambiri m'dziko muno, adafotokoza miyambo yotereyi m'buku lake la m'chaka cha 1998 lotchedwa The Power of Animals.

Koma sukulu yeniyeni ya mlenje sinali pa uzimba. Inali pa una wa mbewa.

Mnyamata ankayamba ndi kunyamula khasu la atsibweni ake kapena la agogo, iye n'kumangoyang'ana. Ankaphunzira kusiyanitsa una watsopano ndi wakale poona timapazi ndi dothi la pakhomo pake. Ankaphunzira kuti mbewa ndi yochenjera, imatseka njira yake ndi funkha kuti wokumba asokonezeke, ndipo imasiya mbuli, potulukira mwadzidzidzi, pomwe mnzake ayenera kudikirira. Ankauzidwa kuti dzanja silitsogola mu una, umatsogola ndi kamtengo, chifukwa mauna ena eni ake adasamuka ndipo mudalowa njoka. Akafulumira, mawu ankamupeza pomwepo: “Iwe, chotsa dzanjalo! Ukufuna ukawauze chiyani amayi ako?”

Ankaphunzira maina. Kapuku, wonona uja. Chitute, wosunga chakudya m'masaya. Mende, phanya, fuko wokumba pansi, sakhwi wamphuno yaitali, mpaka bwampini ndi tchenzi zomwe ndi zazikulu kale. Ankadziwa kuti khoswe wa m'nyumba si ndiwo, ndipo kuti mbewa yopezeka itafa yokha sitoledwa. Mwana wa m'tauni lero akhoza kutchula maina a osewera mpira onse a timu ya ku England, koma mbewa zonse kwa iye ndi mbewa basi.

Ankaphunziranso nyengo. Mbewa zimakumbidwa anthu akakolola, kuyambira cha mu Meyi kupita m'tsogolo, pomwe zanona ndi chimanga ndi mtedza wotsalira m'munda. Nthawi imeneyi wokumba amathandizanso mlimi, chifukwa mbewa zomwezi n'zomwe zimafukula mbewu zikadzalidwa. Ankaphunzira kutchera diwa, mwala wafulati woimikidwa pa timitengo ndi nyambo pansi pake, ndipo lamulo lake lidali lakuti wotchera madzulo azikaonera m'mamawa. Kusiya msampha masiku atatu osauonera kudali kuononga nyama ndi kuizunza pachabe. Akamaliza kukumba m'munda mwa munthu, ankakwirira maenje kuti mbuzi kapena mwana asathyokemo mwendo, komanso kuti mwini munda asadzawathamangitse chaka chamawa. Pobwerera kunyumba, wamng'ono yemwe ntchito yake idali kudikirira pambuli ankapatsidwa zake, angakhale sadagwire ngakhale imodzi.

M'maphunziro onsewa machesi adalibe malo aakulu. Wofukiza una ankasonkha kamoto pakhomo pa unawo, atapalira udzu mozungulira, ndipo ankazimitsa ndi dothi asadachoke. Kutentha dambo lonse kuti mauna aonekere ndi njira ya munthu amene sadziwa kuwerenga timapazi. Mwana amene lero akuyatsa phiri la Soche kuti apeze mbewa zodzadza mpani umodzi sakutsata mwambo wa makolo ayi, akungoonetsa kuti palibe adamuphunzitsa.

Atsikana nawo adali ndi gawo lawo. Kugwira ziwala m'mamawa mame asadaume, kutola mafulufute, kudikirira ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Chulu chidali ndi mwini wake, ndipo munthu sankachigumula chifukwa chofuna ngumbi zambiri usiku umodzi. Aliyense ankadziwa kuti chulu chomwecho chidzafunikanso chaka chamawa.

Pamenepa mpofunika kunena chilungamo. Si zonse za kale zomwe zidali zabwino. Uzimba nawo unkagwiritsa ntchito moto, mbuna zinkagwetsa nyama iliyonse yodutsa, ndipo malonda a minyanga m'zaka za m'ma 1800 adapulula njovu zambiri, mafumu ena akudyerapo. David Livingstone podutsa m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 adaona njovu mazanamazana pa dambo lomwe mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh. Dzina lidatsala, njovu kulibe. Atsamunda nawo adabwera ndi mfuti zawo n'kupha nyama zambiri mongosangalala, kenaka n'kuika malamulo omwe adapangitsa mlenje wakuda kuoneka wakuba m'dziko lake lomwe. Chidani china chomwe anthu ali nacho ndi malamulo a nyama chidayambira pamenepo.

Chachikulu chomwe chasintha ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa m'chaka cha 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa m'chaka cha 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo mzinda wa Blantyre wokha udali ndi anthu pafupifupi 800,000. Tchire lomwe linkapuma zaka zingapo lisadasakidwenso lidasanduka minda ndi mapuloti. Gwape yemwe ankathawira kuseri kwa phiri lero akapeza nyumba zamalata kuseri komweko. Choncho kholo lophunzitsa mwana lero silingangobwereza zonse zomwe lidaona kwa agogo ake. Liyenera kusankha. Mwambo wodziletsa, wodikira nyengo ndi wogawana ndiwo ukufunika kwambiri tsopano kusiyana ndi kale. Moto, khwekhwe ndi mbuna nthawi yake idatha.

Anthu a ku Ndirande safunika kuuzidwa zomwe zimachitika phiri likasiyidwa lopanda mwini. Akuluakulu akukumbukira kuti phiri lawo lidali ndi mitengo yothithikana mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'zaka zochepa chabe lidametedwa mpala. Soche naye adatsatira. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zidatsika kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 600 adapezeka atamwalira ndipo ena oposa 500 sadapezeke.

Kungakhale kulakwa kwakukulu kukankhira tsoka limeneli kwa ana. Odula mitengo, ootcha makala, ogulitsa malo m'mbali mwa phiri ndi ovomereza kumanga nyumba pamalo otsetsereka onse ndi akuluakulu. Koma pali chinthu chimodzi chomwe moto wa chaka ndi chaka umachita. Phiri lodulidwa limatha kudzichiritsa lokha, chifukwa zitsa za mitengo yachilengedwe monga msuku, mombo ndi tsamba zimaphukanso zikasiyidwa. Moto wa mu Sepitembala ndi Okutobala, udzu utauma gwaa, umapsereza mphukirazo zisadafike pena paliponse. Umaphanso mbande zomwe sukulu, mipingo ndi makampani amadzala ndi nyimbo ndi zithunzi m'nyengo yodzala mitengo, yomwe imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Mtengo wodzalidwa mu Januwale ukupsa mu Sepitembala, ndipo Januwale winayo anthu akubweranso ndi mbande zina pamalo omwewo. Mvula yoyamba ikagwa pa lupsa, dothi lopanda chofunda limatsetsereka kupita mu Mudi, mu Naperi ndi mu Limbe.

Ndiye pali lamulo, lomwe makolo ambiri salidziwa ndipo ana awo salidziwiratu. Lamulo loona za malo osungirako nyama ndi nyama zakutchire, la m'chaka cha 1992, limaletsa kuyatsa moto ndi cholinga chosaka. Limaletsa kusaka m'malo otetezedwa, ndipo nyama zomwe zimaloledwa kusakidwa zimafuna chiphaso chochokera kunthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Lamulo la nkhalango la m'chaka cha 1997 nalo limaletsa moto m'nkhalango zotetezedwa. Michiru, yemwe anthu a ku Chilomoni ndi Chirimba amamuona ngati kuseri kwa nyumba, ndi malo otetezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mbawala, nguluwe, nyani ndi pusi zotsala m'phirimo si za munthu aliyense wokhala ndi agalu.

M'chaka cha 2017 lamulo la nyama lidakhwimitsidwa. Wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, kapena ziwalo zake, akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Chiyambireni nthawi imeneyo makhoti m'dziko muno atumiza kundende anthu ambiri chifukwa cha ngaka, ndipo ochuluka mwa iwo si eni malondawo koma anthu wamba a m'midzi omwe adanamizidwa kuti kanyamaka kawalemeretsa. Ngaka sithawa, imangodzipinda n'kukhala phee, moti ngakhale mwana akhoza kuinyamula. Ikawerewera kamodzi imabala mwana mmodzi yekha. Kholo lomwe silidakhalepo pansi ndi mwana wake n'kumuuza kuti nyama imeneyi ikapezeka imasiyidwa, kapena kukanena kwa a zanyama kapena kupolisi, likusiya mwanayo m'manja mwa munthu woyamba amene adzamuonetse ndalama.

Zomwe kusaka kopanda malire kumachita zidaoneka pafupi pomwepa, ku Majete m'boma la Chikwawa. Pofika m'chaka cha 1992 njovu zonse za m'nkhalangomo zidali zitaphedwa, ndipo zipembere ndi mikango zidali zitatha kale. Boma litagwirizana ndi bungwe la African Parks m'chaka cha 2003, nyama zidachita kubwera pamalole kuchokera kwina: zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira mu 2006, mikango mu 2012. Zidatenga ndalama zankhaninkhani ndi zaka zambiri kubwezeretsa zomwe mfuti ndi misampha zidamaliza m'nthawi yochepa. Ku Liwonde, komwe bungwe lomweli lidayamba ntchito m'chaka cha 2015, misampha ya waya yoposa 30,000 idazulidwa m'nkhalangomo. Khwekhwe la waya silisankha. Wotchera amafuna gwape, koma limagwira mwendo wa mwana wa njovu, kapena galu wa mnansi. Mlenje wakale ankaona nyama yake ndi maso asadaponye mkondo.

Wina akhoza kufunsa ngati n'zotheka kuti alenje eni ake azidziikira malire masiku ano a umphawi. Yankho lili ku Nyanja ya Chilwa. Nyanjayi, yomwe m'chaka cha 1997 idakhala malo oyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, imaphwa nthawi zina, monga zidachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Nsomba zikasowa, anthu amatembenukira ku mbalame za m'mabango. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adaonetsa kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa kumeneko pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alenje a mbalamewo adakhazikitsa makomiti ndi bungwe lawolawo, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi komanso bungwe la alenje la ku Denmark. Adapatula malo ena oti mbalame ziziswana popanda wozisokoneza, ndipo adagwirizana za nyengo yosiya kusaka. Sikuti zonse zidayenda myaa, poti njala ikavuta malamulo amaphwanyidwa. Koma oika malamulowo adali alenje, anthu omwe ankafuna kuti ana awo adzapezenso mbalame, osati munthu wochokera kuofesi.

Nzeru yomweyi ingathe kugwira ntchito pabanja la ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Lunzu. Siifuna ndalama. Imafuna Loweruka limodzi kapena awiri pa tchuthi, bambo, mayi kapena malume atanyamula khasu n'kutsagana ndi ana kumunda wa banja kapena wa mnansi amene wavomera. Kumeneko mwana aone ndi maso kuti mbewa zimapezeka popanda kuyatsa udzu. Aone kuti una wokhala ndi tiana tosatsegula maso umakwiriridwa n'kusiyidwa. Aone wamkulu akunena kuti “zakwana, tiyeni tizipita,” mauna ena akadalipo. Phunziro lomalizali ndi lomwe anzake a msinkhu umodzi sangamupatse, chifukwa pakati pa anyamata okhaokha ngwazi ndi amene wapha zambiri.

Pali makolo ena amene anganene kuti iwo adachoka kumudzi kuti ana awo asamadye mbewa, ndipo nkhani yotereyi ndi yobwezera anthu m'mbuyo. Alipo enanso, monga Asilamu ndi a mpingo wa Seventh Day Adventist, omwe chipembedzo chawo sichilola kudya mbewa. Onsewa ali ndi ufulu wawo ndipo palibe akuwakakamiza. Koma ana awo nawo ali ndi legeni m'thumba. Tsiku lonse amagenda timba, pumbwa, mpheta ndi njiwa, osati chifukwa cha njala koma kupikisana, ndipo tina amangotitaya m'ngalande. Amafwafwaza zisa, amaika ulimbo pamadzi pomwe mbalame zonse zimamwera. Mwana wotereyu akufunikanso munthu womuuza kuti chomwe sudya suchipha, ndipo kuti mbalame yonyamula udzu kapena chakudya kukamwa ili ndi chisa penapake.

Kadzidzi ndiye amavutika kwambiri. Akangotera padenga, mudzi wonse umatola miyala chifukwa cha mantha a ufiti, akuluakulu ali patsogolo. Chonsecho mbalameyi ndi mlenje wa makoswe woposa mphaka aliyense, ndipo imagwira ntchitoyo usiku wonse popanda malipiro. Banja lomwe lagenda kadzidzi lero, mawa lili pamsika kukagula mankhwala a makoswe.

Mankhwalawo nawo ndi nkhani ina. Tameki ndi anzake amapezeka mosavuta m'misika ndi m'misewu, atakulungidwa m'timapepala topanda dzina. Mwana amene waona kunyumba kuti kachidutswa kakang'ono kamagwetsa makoswe ambiri sachedwa kuganiza zokathira pa madeya kutchire kuti atole nkhanga kapena mbewa mosavutikira. Nyama yophedwa chomwecho ndi poizoni kwa woidya, kwa galu wotola zotsala ndi kwa mbalame zodya nyama. Kholo lisunge mankhwalawa pomwe mwana sangafike, ndipo limuuze chifukwa chake.

Nkhani ya umphawi siyoti n'kuilambalala. Kwa mabanja ambiri mbewa si chikumbutso cha kumudzi, ndi ndiwo, pomwe nyama ya ng'ombe ndi nkhuku zidakwera mtengo moti zimaoneka pa Khirisimasi pokha. Anyamata omwe amaimika mipani m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Lunzu ndi Zalewa mpaka ku Ntcheu ndi Dedza, ena amagulira makope ndi sopo ndalama yomweyo. Kuwauza kuti angosiya n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Koma iwowa ndi omwe angapindule kwambiri ndi kasakidwe kabwino, chifukwa dambo lopsa limapereka mbewa zambiri sabata imodzi kenaka n'kukhala chipululu mpaka mvula. Moto umapha tiana m'masa, umatentha chakudya cha zotsala, umathamangitsa kalulu ndi nkhwali, ndipo umamaliza udzu womwe amayi awo omwe akadamweta n'kugulitsa kwa ofolera nyumba.

Ogula nawo asadzichotsemo. Bwana woimitsa galimoto pa Zalewa n'kugula mipani isanu, kenaka n'kudandaula pofika ku Namiwawa kuti mapiri akupsa, ayambe wafunsa wogulitsayo kuti mbewazo adazipha bwanji. Funso lokhalo, likamabwera kawirikawiri, limamveka. Ndipo amene amagula nyama ya gwape kapena ya mbawala yobwera mobisa m'matumba adziwe kuti lamulo silisiyanitsa kwenikweni wopha ndi wosunga.

Sukulu zingathandize, koma sizingalowe m'malo mwa makolo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba m'chaka cha 1947 ndipo likulu lake lili ku Limbe, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri. Vuto n'lakuti mwana amaphunzira Lachisanu kukalabu kuti nyama ndi zofunika kuzisamala, Loweruka n'kuona bambo ake akugula thumba la makala ochokera ku Michiru ndi kuseka nkhani ya moto. Mwana amakhulupirira zomwe waona pakhomo. Aphunzitsi a makalabuwa angachite bwino kuitana nkhalamba za m'deralo zomwe zidasakapo, kuti zidzafotokoze maina a nyama, nyengo zake ndi zoletsa zake. Nkhalamba zotere zikutha, ndipo zambiri zomwe zimadziwa sizidalembedwe paliponse. Makolo omwe amatumiza ana kumudzi pa tchuthi awapemphe agogo mwachindunji kuti adzukuluwo asangopita kutchire ndi anzawo, apite ndi wamkulu.

Pomaliza pali mafumu. Ngakhale mumzinda, ku Ndirande, ku Chilobwe, ku Bangwe ndi ku Chilomoni kuli mafumu ndi atsogoleri a m'madera omwe anthu amawamvera pa maliro ndi pa milandu ya malire. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pankhani iyi mwambiwu ukuyenera kumveka monga momwe ulili. Mphamvu yomwe mwini dziko adali nayo yonena tsiku lotentha tchire ingathe kubwerera m'njira ina: mfumu, komiti yoona za nkhalango, khonsolo ya mzinda ndi makolo agwirizane malo omwe ana angakumbe mbewa ndi malo omwe sangapondeko, ndipo moto ukabuka, kholo la woyatsayo liziitanidwa kubwalo pamodzi ndi mwana wake. Chilango chake chikhale ntchito yooneka, monga kupalira ndi kuthirira mbande zomwe zatsala.

Ntchito yolambula njira zotchinga moto kuzungulira malo odzalidwa mitengo imayenera kuchitika mu Meyi ndi Juni, udzu usadaumitsitse. Imafuna makasu ndi zikwanje zomwe zili kale m'nyumba iliyonse, ndipo anyamata omwe amadziwa tinjira tonse ta m'phirimo kuposa wina aliyense ndi osaka mbewa omwewo.